Thawulo la Amayi Ako Lauma

Nangongwe,
Kafue.

Enala mwana wanga,

Thawulo la amayi ako lauma. Fungo lachoka lonse. Timadontho takuda tatsala kumphepete imodzi, ndipo timeneto sitidzachoka. Ndalipinda nʼkuliika pampando pafupi ndi chikwama chako. Mʼchikwamamo sindinaliike, chifukwa kutenga kapena kusiya zili ndi iwe. Koma udziwiretu kuti ukalisiya lidzalowa mʼgulu la zovala zogawidwa, amalume ako adzapita nalo ku Malawi, ndipo sudzalionanso.

Mawa ukunyamuka kupita ku Ndola kukayamba sukulu ya unamwino, ndipo chichapireni thawuloli sunandilankhule. Moni umayankha, madzi osamba umandiikira, koma ndikayamba nkhani umatuluka panja. Sindikukukakamiza. Kungoti sindingalole kuti ukwere basi ukuganiza kuti atate ako anachita zimenezi mopanda mtima. Ukudziwa kuti pakamwa ndimachedwa. Papepala ndimayendako bwino.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika, monga ndinazionera ine. Sabata yatha unandipempha chinthu chimodzi cha amayi ako choti upite nacho. Ndinakuyankha monga ndakhala ndikuyankhira chimwalirireni iwo, kuti zovala zawo zili mʼthiranki, bokosi lachitsulo lija la kuchipinda, ndipo mwambo wa kwawo sulola munthu kutsegula mlongo wawo, amalume ako a Yotamu, asanabwere kudzagawa. Sunatsutse. Unangoti, “Nibwino chabe atate, nimabamvela pa chivundikilo.” Sindinamve msanga. Kenaka unafotokoza kuti ukamasesa kuchipinda umagwada, nʼkuika mphuno pampata wa chivundikiro, ndipo pamenepo umamva fungo la amayi ako.

Utapita kumsika ndinakagwada pomwepo. Ndagwira ntchito ya nsalu zaka zambiri, Enala, mʼchigawo chotsuka ndi kunyika nsalu mu utoto, kufikira fakitale itatichotsa. Fungo limenelo ndimalidziwa monga ndidziwira utsi. Ndi fungo la nsalu imene ikudyedwa ndi chuku. Ndinadzuka nʼkukatenga kiyi.

Pamwamba panali bulauzi yoyera ija ankavala popita kumsonkhano wa amayi a mpingo. Inali ndi mawanga obiriwira ndi akuda, ndipo nditaikweza inangʼambika yokha paphewa ngati pepala lonyowa. Zitenje za pansi zinali zitamatana ndi dzimbiri la bokosi. Duku lawo la pa Sabata linali litachita ufa woyera. Thawulo lalikulu linali pakati, ndipo popeza ulusi wake ndi wochindikala, ndinaona kuti lingapulumuke ndikachita changu. Ndi thawulo lomwe tinakufunditsa pochokera nawe kuchipatala utabadwa, ndi lomwenso ndinkawapukuta nalo thukuta mʼmiyezi yawo yomaliza. Ndinakoleza mbaula nʼkuteleka madzi.

Unalowa pageti uli ndi ndiwo mʼmanja, nʼkuona chingwe chadzaza zovala za amayi ako.

“Atate, nindani akuuzani kuti muwashe?”

Ndinati, “Zinali kuvunda, mwana wanga. Bwera uone bulauziyi.”

“Simunanifunse. Ndiye chabe chenze chinasala cha amai, manje mwachosa.”

Unagwira thawulo likadali lonyowa nʼkulinunkhiza, ndipo linkamveka viniga. Unandiyangʼana nʼkunena kuti, “Manje amai banunkha monga machipisi ya pa sitesheni.” Ndiwo unaziika pakhonde, nʼkulowa mʼnyumba.

Pa mawu akuti sindinakufunse, wanena zoona. Ndinayenera kukudikira kuti titsegule tili awiri, uone ndi maso ako zisanalowe mʼmadzi. Ndinaganiza za nsalu, sindinaganize za iwe. Pepa, mwana wanga.

Koma pa za fungo sindingakunamize, ngakhale bodza likanakhala lokoma kwa tonsefe. Fungo limene unkamva silinali la amayi ako. Amayi ako ankamveka sopo wamtanda, mafuta odzola aja ankathiramo madontho a ndimu, ndi kautsi ka mbaula mʼtsitsi. Zimenezo pansalu zimatha msanga, ndipo zovalazi zinachapidwa zisanalowe mʼthiranki. Chimene chinatsala ndi chinyontho. Pamene pali chinyontho, mdima ndi mpweya wosayenda, pamamera chuku pamodzi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Timadya thukuta, mafuta a mʼthupi ndi sopo wotsalira, ndipo zimenezo zikatha chuku chimayamba kudya thonje lenilenilo. Fungo la kuvunda ndi mpweya umene zinthu zimenezi zimatulutsa zikamadya. Iwe unkagwada kumamvera amayi ako, pamene mkatimo zovala zawo zinali kutha. Mvula ina imodzi ikanadutsa, sukanapeza choti utenge.

Uku ukupita mudzakhala atsikana ambiri mʼchipinda chimodzi, bafa limodzi, chingwe chimodzi. Ku Ndola mvula imagwa kuposa kuno. Ndiye ndikuuze zimene ndikudziwa, ndipo zambiri ndinazidziwa polakwitsa.

Ndinayamba kuchapa pakhomo pano amayi ako atafooka. Iwe unali ku sukulu yogonera komweko, sunaone. Chifuwa chija chinkawatulutsa thukuta kwambiri, moti mʼmawa uliwonse matawulo ankakhala onyowa. Ndinkathira sopo waufa wodzaza dzanja, kenaka nʼkuwonjezeranso, thovu mpaka kusefukira mʼbeseni. Mumtima ndinkaona ngati ndikuchapa matendawo. Madzi a pampopi anali atayamba kale kubwera mwa apo ndi apo, choncho ndinkatsukuluza kamodzi nʼkuyanika. Matawulo anayamba kuuma gwa ngati chikumba, ndipo akangokhudza madzi ankanunkha chowawasa. Tsiku lina ndikuwapukuta kumsana anati, “Atate ake Enala, sopoyu wakulakwirani chiyani kuti mumuthe chonchi?” Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Ine ndinali munthu amene kufakitale ndinkakalipira anzanga akafupikitsa nthawi yotsukuluza nsalu, koma pakhomo panga mantha anandiiwalitsa. Sopo wotsalira mu ulusi amagwira litsiro mʼmalo molichotsa, ndipo ndi chakudya cha tizilombo tija. Choncho sopo pangʼono, madzi ambiri. Tsukuluza kufikira ukafinya madzi atuluke oyera opanda thovu. Madzi akachepa, chapa zovala zochepa, koma usachepetse kutsukuluza. Kumbukira zimenezo, Enala.

Cholakwa chachiwiri ndinachita kumsika. Fakitale itayamba kuchotsa anthu chifukwa nsalu zakunja ndi salaula, zovala zovalidwa kale zija, zinadzaza dziko, ine ndinatenga ndalama zimene anandipatsa nʼkukagula belo la salaula yemweyo. Sindinaone njira ina. Mʼbelo loyamba munatuluka matawulo abwino, okhuthala, koma onunkha nkhokwe ndi ulendo wautali wa panyanja. Ndinali ndi changu chogulitsa, ndipo ndinagula kabotolo ka perefyumu wotchipa nʼkuwawaza. Bana Mwape, amayi aja ogulitsa tinsomba touma ta kapenta pafupi ndi tebulo langa, ananyamula limodzi nʼkulinunkhiza, kenaka anandipatsa moni wa mʼmawa mʼchinenero cha kwawo.

“Ba Phiri, mwashibuka shani? Aya matawelo yanu yanunkha monga muntu wamene wafaka pefyumu osasamba.”

Ndinati, “Ogula sananene kanthu.”

“Bazakamba mailo. Lelo bakali kuyopa magalasi yanu.”

Mawa lake mayi wina anabweza thawulo. Anati atasamba nʼkudzipukuta, mwamuna wake anamufunsa ngati wagona mʼkhola la nkhuku. Msika wonse unamva. Ndinawanyamula onse kubwera nawo kuno, ndipo tinakhala osagulitsa kufikira nditawachapa moyenera. Perefyumu sapha chuku. Amangokhala pamwamba, ndipo thawulo likanyowa fungo lakale limabwerera litasakanikirana ndi latsopano, loipa kuposa poyamba. Anzako adzakuuza kuti waza ichi, thira icho chonunkhira. Iwe usabise fungo. Funsa kumene likuchokera.

Kuchapa moyenera ndi uku, ndipo ndi momwe ndachapira la amayi ako. Thawulo lovunda uyambe walikungʼunthira panja, osati mʼchipinda, chifukwa ufa wa chuku si wabwino mʼmapapo. Uliviike mʼmadzi otentha kwambiri momwe wathiramo kapu ya viniga woyera, wopanda sopo. Viniga amasungunula sopo wakale amene wakakamira mu ulusi. Madzi akazirala, finya, tsukuluza. Kenaka ulichape kachiwiri mʼmadzi ena otentha ndi sopo pangʼono ndi soda, yemwe uja timathira mʼtherere. Tsukuluzanso. Ngati ndi loyera ndipo ndi la thonje lokhalokha, ukhoza kuliwiritsa mumphika, silionongeka. Chitenje usawiritse, utoto umathawa. Yunifolomu yako uwerenge kansalu ka pakhosi usanaiike mʼmadzi otentha, chifukwa nsalu za masiku ano zambiri ndi zosakaniza ndipo zimakhwinyata.

Apanso ndinalakwitsapo. Ulendo woyamba ndinathira viniga ndi soda mʼbeseni limodzi, pofuna kusunga madzi ndi makala. Zinawira thovu, ndipo ndinakondwa kuona ngati ntchito ikugwirika. Palibe chimene chinagwirika. Zinthu ziwirizi zimaphana mphamvu, nʼkutsala madzi amchere chabe. Zimenezi zili mʼbuku lililonse la sayansi la ku sekondale, ndipo mabukuwo ali pashelefu mʼnyumba muno. Chilichonse chikhale ndi madzi akeake.

Koma ichi chokha usadzayese nʼkomwe: viniga ndi mankhwala oyeretsa nsalu aja a mʼbotolo, onunkha ngati chipatala, zisakumane. Zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni. Kufakitale ndinaona bambo wina wamkulu, wodziwa ntchito yake, akutulutsidwa atamugwira mʼmapewa, maso ali psuu, akulephera kupuma, chifukwa wina anatsukira mʼthanki imene inali isanatsukuluzidwe. Anachira, koma mawu ake anasasa mpaka kalekale. Mʼchipatala mankhwala amenewo adzakhala paliponse. Mtsikana mnzako akafuna kusakaniza mʼbafa lotseka mazenera, mulande botolo, mudzayanjana pambuyo.

Kuyanika ndiye kwenikweni. Kuchapa konse kumapita pachabe thawulo likapanda kuuma msanga. Ulitambasule pachingwe lonse, osalipinda pawiri, pamalo pamene dzuwa likuomba ndi mphepo ikudutsa. Dzuwa limapha zimene sopo walephera. Usayanike pansi kapena paudzu. Ntchentche zija zimaikira mazira pansalu yonyowa, ndipo ukudziwa mphutsi imene tinakufinya pamsana uli wamngʼono. Chifukwa chake usite chilichonse, ndi zamkati zomwe. Ukamaanula usakhulupirire maso, usakhulupirirenso pakati pa thawulo. Gwira mʼmphepete mosokedwa, mʼmakona, ndi pamene chingwe chinadutsa. Pamenepo pakazizira mʼdzanja, silinaume. Ukasamba mʼmawa usaliponye pabedi kapena kulikoleka lokhwinyata pamsomali kuseri kwa chitseko. Litambasule ngakhale pachitsulo cha bedi. Zovala zonyowa usaike mʼpepala la pulasitiki kuti udzachapa Loweruka, ndiponso usasiye zoviika mʼbeseni kufikira mawa lake. Ndikudziwa kuti udzakhala wotopa, utaimirira tsiku lonse mʼwodi. Kutambasula thawulo sikutenga nthawi. Kumbukira, Enala, gwira mʼmphepete.

Tsopano ndikuuze momwe chinyontho chinalowera mʼthiranki, chifukwa iwe tsikulo unali mʼnyumba ndi amayi a mpingo, maso atatupa, ndipo sunaone. Titaika maliro, mawa lake azimayi anachapa zovala zonse za malemu monga zimakhalira. Inali nyengo ya mvula. Kunawala pangʼono mʼmawa, masana mitambo inabwera kuchokera kumtsinje, ndipo anaanula mothamanga. Amalume ako anali ndi ulendo madzulo omwewo. Iwonso ntchito inali itawathera kuno nʼkubwerera kumudzi, ndipo amene anawapatsa malo mʼgalimoto yopita kumalire sakanawadikira. Anafuna kuona thiranki likutsekedwa iwo alipo. Zovala zinapindidwa pamphasa pamaso pa anthu, ine ndili pakona, pamalo pa wofedwa. Chitenje chimodzi chinadutsa mʼmanja mwanga, ndipo mʼmphepete munali mozizira.

Ndinadziwa. Ndikanangonena kuti, “Alamu, zovalazi sizinaume, ziyanikidwenso mawa.” Koma taganiza mmene mawuwo akanamvekera. Masiku ano ukudziwa zimene zikuchitika pamaliro mʼmakomboni muno, anthu kulandana mipando ndi mapoto thupi lisanazizire. Mwamuna wofedwa akati zovala zitsale panja abale a mkazi atapita, ena amamva kuti akufuna kusankhamo zabwino, ndipo ine ndine wogulitsa salaula. Ndinaona maso a azakhali ako, akazi a amalume akowo, ali pa ine. Ndinapereka chitenjecho kwa wotsatira. Amalume ako anati, “Alamu, tsekani tione. Kiyi akhale ndi inu, koma asatsegule munthu kufikira titabwera a kubanja. Tikakolola tibwera.” Ndinatseka. Anthu anati mwambo wayenda bwino.

Anakolola, sanabwere. Mtengo wa basi unali utakwera, feteleza kwawoko anali atakwera, ndipo sindikuwaimba mlandu. Mwambowo ulibenso cholakwa. Unaikidwa kuti ana ngati iwe asalandidwe za amayi awo, ndipo kumudzi ogawa amakhala kutsidya kwa dambo, sapitirira milungu yochepa. Palibe anaganiza za banja limene abale ake ali kuseri kwa malire, mʼnyumba ya ku Nangongwe imene simenti yake imatuluka thukuta mvula ikagwa. Chilimwe chonse ndinkadutsa pathirankipo ndikudziwa chimene ndinagwira tsiku lija. Ndinkadziuza kuti kutentha kwa mwezi wa khumi kudzaumitsa. Mʼbokosi lotseka madzi alibe kothawira, ndipo zimenezo ndinkazidziwa bwino. Chilungamo chake nʼchakuti sindinkafuna kuona zovalazo. Mvula yachiwiri inabwera, ine osatsegulabe.

Nʼchifukwa chake ndikukuuza ichi ngati munthu amene ukukakhala namwino. Dzanja lako likakuuza kanthu, nena, ngakhale mʼchipindamo muli akuluakulu ndipo onse akufuna kuthana nazo apite. Nena mwaulemu, koma nena pomwepo. Mawu amene ndinaopa tsiku lija akananditengera manyazi a madzulo amodzi. Kukhala chete kwatidyera bulauzi, duku ndi zitenje zambiri, ndipo kwandidyera sabata yomaliza yokhala ndi mwana wanga.

Thiranki lako laku sukulu usalichite chimodzimodzi. Pansi yala nyuzipepala, ndipo uzisintha. Usaliike pasimenti penipeni. Pezako njerwa kapena timatabwa. Tsiku lowala ulitsegule, zovala zione dzuwa ngakhale sunazivale. Potseka sukulu usalongedze chilichonse chimene wachapa tsiku lomwelo. Bulangete lako ndaliyanika lero, nsapato zako zoyera ndaikamo mapepala. Mʼthumba la mʼmbali mwa chikwama muli botolo la viniga lokulungidwa bwino ndi kapaketi ka soda. Zimenezo ndaika popanda kukufunsa, ndipo ukhoza kundikwiyiranso.

Pali china chimene sindinakuuzepo. Amayi ako atangomwalira, ndinkagonera pilo wawo. Ndinkadziwa kuti fungo la munthu pansalu ndi mafuta a khungu chabe ndipo amauluka, koma ndinkagonerabe. Linayamba kuchepa, kenaka mʼmawa wina ndinapeza kuti pilo akumveka ine. Palibe anamuchapa. Fungolo linangotha lokha. Lero ndikayesa kulikumbukira silibwera. Mawu awo ndimawamva, kayendedwe kawo pakhonde ndimakadziwa, koma fungo ayi. Ndinawerengapo kuti fungo ndi lovuta kuliitana mʼmaganizo, limabwera lokha ukakumana nalo. Tsiku lina ndili pamzere wogula makala, mayi wina anadutsa atadzola mafuta a ndimu, ndipo ndinachoka pamzere osagula. Choncho usaganize kuti sindikudziwa chimene unkafuna pogwada paja. Ndikudziwa. Kungoti pamenepo panalibe.

Chimene chilipo ndi nsalu. Ulusi wake ndi womwe uja unakhudza msana wawo. Pakona imodzi pali msoko wa ulusi wofiira umene anasoka okha litayamba kumasuka, wokhotakhota chifukwa maso anali atayamba kuwavuta. Umenewo madzi otentha sanauchotse. Ukalisamala thawuloli likhoza kukhala nawe zaka zambiri. Koma ulisamale poligwiritsa ntchito. Usakaliike pansi pa thiranki ngati chinthu chopatulika, chifukwa lidzavundanso. Udzipukute nalo, ulichape, uliyanike. Pakapita nthawi lidzamveka iwe, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Zina za sukulu sindichulukitsa, ndiwe wamkulu. Idya usanalowe mʼwodi. Odwala chifuwa uwasamale monga ndinasamalira amayi ako, koma mazenera akhale otsegula. Anzako a mapemphero aja amene amati matenda onse ndi mizimu, pemphera nawo ngati ukufuna, koma mankhwala a wodwala upereke pa nthawi yake. Ukadwala undiuze msanga, usadikire kuti uchire kaye. Ukasowa kanthu unene. Tebulo la kumsika likuyenda pangʼonopangʼono, ndipo bana Mwape ati adzandiyangʼanira kuti ndisawazenso perefyumu.

Tsiku lomwe ndinatsegula ndinatuma uthenga kwa amalume ako kudzera mwa dalaivala wa lole amene amapita ku Mchinji. Ndinawauza zonse, kuti ndatsegula ndekha, kuti zambiri zawonongeka, ndi kuti zotsala ndachapa. Yankho lafika dzulo pakamwa pa munthu yemweyo. Akuti amva, ndipo abwera mwezi uno usanathe pamodzi ndi azakhali ako. Sananene zambiri, koma ndikudziwa kuti padzakhala mlandu. Adzafunsa chifukwa chake ndinaswa mawu awo, ndipo ena adzati zosowazo ndinagulitsa kumsika. Zongʼambikazo sindinataye. Ndaziumitsa nʼkuzimanga mʼchitenje chimodzi kuti adzaone okha. Ndidzawauzanso za mphepete yozizira ija, pamaso pa onse. Mlanduwo ndi wanga. Iwe sunakhudze kiyi, ndipo usadzabwere kuno chifukwa cha zimenezo, ngakhale atakuitana. Ukhale mʼkalasi.

Ukatenga thawulo, adzaona kuti palibe, chifukwa azakhali ako amalidziwa. Ndidzawauza kuti ndinapereka ine kwa mwana wa malemu asanabwere, ndipo chindapusa chimene adzanene ndidzalipira. Usaope zimenezo posankha. Ukalisiya sindidzakufunsa chifukwa. Ndidzaliika pamodzi ndi zinazo, ndipo lidzapita kwa amene adzamusankhe.

Minibasi zoyamba zopita ku Lusaka zimadzaza msanga, choncho tidzanyamuka kukangocha kuti ukapeze basi ya ku Ndola isanadzaze. Thiranki lako ndidzanyamula ine mpaka pamsewu. Bana Mwape ati adzatipeza pamenepo ndi kapenta woti ukadye masiku oyamba. Mʼnjiramo ngati sukufuna kundilankhula, palibe kanthu. Ine ndidzakhala kutsogolo ndi katundu, ndipo ndikabwerera kunyumba ndi pamene ndidzayangʼane pampando.

Yenda bwino, mwana wanga.

Ndine,
Atate ako.